Envulopu Yakhaki ya Achimwene

Anzanga, mundikhululukire, ine ndiwerenga papepala. Mukundidziwa: ndikaima pamaso pa anthu mawu amandithawa, ndipo a lerowa sindikufuna andithawe. Ndine Rozina wa Fomu 3, kwathu ku Utale. Ambiri mumanditcha Sisitere chifukwa sindikangana ndi munthu, ndipo ena mwa inu mumabwera pabedi panga kudzandisungitsa zinsinsi. Ndapempha nthawi pa mapemphero ano kuti mumudziwe munthu amene mumamusungitsayo. Mayina ena ndasintha, ndipo pena ndidutsa mothamanga. Nonse mukudziwa chifukwa chake.

Bambo anamwalira ndili mu Sitandade 2. Tinatsala atatu: amayi, ine, ndi achimwene anga a Fabiano, amene amandiposa ndi zaka khumi ndi zitatu. Pakati pa iwo ndi ine panabadwa ana anayi, koma onse anatisiya ali akhanda. Amalume tinalibe, choncho mwini mbumba anali achimwenewo, ngakhale mbumba yake inali ya anthu awiri okha. Anamaliza koleji ku Zomba, kumene anaphunzira zachuma, ndipo ankaphunzitsa pa sekondale ina kutsidya kwa Shire. Yunifolomu yanga, sopo, mankhwala a mwendo wa amayi, malata a nyumba yathu, zonse zinkachokera m'manja mwawo.

Ndi iwo amene anandipatsa kope langa loyamba lolembamo za mumtima. Anaona kuti alendo akafika ndimabisala kuseri kwa nkhokwe. Anandikutira kopelo ndi pepala la simenti, nati, "Chemwali, zimene zikukanika pakamwa uzilemba umu. Mawu akakhalitsa m'mimba amawola." Kuyambira pamenepo ndinkalemba tsiku lililonse.

Achimwene anali ndi funso limodzi limene linkawasowetsa mtendere. Ankafuna kudziwa chifukwa chake mlimi wa thonje amakolola chaka ndi chaka koma malaya ake amakhala a zigamba. Ankati yankho lilipo, koma kuti alipeze anayenera kukachita digiri yachiwiri, ndipo maphunziro oterowo anali kunja, pa mtengo umene mphunzitsi sakanaufika ngakhale atagwira ntchito mpaka imvi. Kenaka anamva za bungwe lina lakunja, lokhala ndi ofesi ku Lilongwe, limene linkasankha anthu ochepa chaka chilichonse n'kuwalipirira zonse kwa zaka ziwiri: ndege, sukulu, chakudya, mabuku, ngakhale jekete la chisanu.

Mafomu ake anali ambiri. Pankafunika satifiketi, zithunzi, kalata ya dokotala, kalata yochokera kuntchito, ndiponso masamba asanu ofotokoza zimene munthu akufuna kukafufuza. Masamba asanuwo, onena za mtengo wa thonje, anawaona munthu mmodzi yekha: Che Bwanali, mphunzitsi mnzawo wa masamu wa ku Chikweo, amene anawatayipira pa makina a sukulu Loweruka lina. Che Bwanali tinkawadziwa bwino. Pa tchuthi ankabwera kwathu ndi mpunga ndi nsomba zouma, ndipo amayi anali ndi mphika wapadera wophikira iwo, umene sunakhudzepo nkhumba. Awiriwo ankanyogodolana tsiku lonse. Achimwene ankawatcha Shehe Wopanda Ndevu, iwo n'kumabwezera kuti Nduna ya Thonje, ngakhale dzina limenelo ankalitchula pansipansi, pakhomo pokha.

Pa tchuthi cha Khirisimasi achimwene ananditengera pambali.

"Pafomu paja ndalemba adiresi ya sukulu yako," anatero. "Kuntchito kwathu makalata otere amafika atamatidwa kawiri, ndipo sindikufuna yankho langa liwerengedwe ndi anthu ine ndisanalione. Idzakhala envulopu yakhaki, pakona pali chizindikiro cha buku lotsegula. Ikadzafika uyiike mu iyi, ulembe ndi dzanja lako ngati kalata yakumudzi, unditumizire tsiku lomwelo. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Anandipatsa envulopu yoyera yomata kale sitampa.

Tsono m'mudzi woyandikana ndi wathu munali banja limene mwana wawo anapita kukaphunzira kunja zaka zam'mbuyomo, osabwereranso. Ankati analankhula zina kumeneko. Makolo ake ankaitanidwa kukafunsidwa kawirikawiri, mpaka anthu analeka kukapala moto pakhomo pawo. Tsiku lina amayi akusinja ndi mnzawo, ine ndikupeta pafupi, mnzawoyo anati, "Mwana wanu akakwera ndege, inu basi mudzavala nsapato."

"Ndege imadziwa kutenga, kubweza siidziwa," amayi anayankha. "Ndikanakhala ndi mphamvu, kalatayo ikanagwera mu Shire."

Anaseka onse awiri, n'kupitiriza kusinja. Ine sindinaseke. Sindinafunsenso. Ndinakangolemba m'kope.

Kalata inafika Lachisanu lina, nthawi ya chimanga chachiwisi. A hedi anaitana mayina pamzere monga mwa nthawi zonse, ine n'kulandira. Yakhaki, buku lotsegula pakona. Poweruka sindinapite kunyumba. Ndinakhala pansi pa mlambe wa panjira, n'kuitsegula pang'onopang'ono ndi lezala yosongolera pensulo. Chingerezi changa chinali cha Sitandade 8, koma chinakwanira. Anali okondwa kuwadziwitsa kuti asankhidwa. M'katimo munali pepala lina loti asaine n'kubweza pasanathe masiku makumi atatu, apo ayi malo awo apatsidwa kwa wina.

Ndabwera nalo kopelo, ndi ili. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Kalata yabwera. Ndiitumiza Lolemba." Lolemba ndinalemba kuti: "Ndiitumiza Lachisanu. Achimwene akhale athu masiku ena anayi." Lachisanu: "Lero kunagwa mvula." Lolemba linalo: "Amayi anati igwere mu Shire. Ndikuchitira amayi." Koma pali tsamba lina limene ndinalemba ndi zilembo zing'onozing'ono pansi penipeni, ndipo chilungamo chili pamenepo: "Akapita, ine kusekondale adzandipititsa ndani?"

Tsiku la makumi atatu ndinalidziwa. Ndinapita kusukulu, ndinasesa kalasi, ndinayankha mafunso, ndinabwerera kunyumba. Kalata inali pakati pa kope, kope lili m'thumba la pulasitiki, thumbalo lili kudenga pakati pa nsichi ndi lata.

Pa Pasaka achimwene anabwera. Asanatule n'komwe chikwama anandiyang'ana.

"Palibe kanthu, chemwali?"

"Palibe."

Sanapite kukafunsa a hedi. Anafunsa ine, chifukwa ine ndinali ndisanawanamizepo.

Kuchokera pamenepo zinthu zinatsetsereka ngati ngolo yoduka goli pamtunda. Kulemba ku Lilongwe kuti afunse anaopa. Ankati ngati mafomu anagwidwa panjira, kufunsa kunali kudzionetsa kwa amene anawagwirawo. Kenaka anakumana ndi mnzawo wa ku koleji amene anafunsiranso thandizo lomwelo. Iyeyo anakanidwa, koma kalata yomukana analandira. Ngakhale okanidwa anayankhidwa. Achimwene anaphatikiza zinthu monga munthu wophunzira: yankho silinabwere chifukwa wina anakanena za masamba asanu aja, ndipo masambawo anawawerenga munthu mmodzi. M'chipinda cha aphunzitsi, anthu onse alipo, anawatcha Che Bwanali kazitape. Mukudziwa kulemera kwa dzina limenelo. Aphunzitsi anayamba kusiya nkhani Che Bwanali akalowa. Pakutha pa teremu anasiya ntchito, n'kubwerera ku Chikweo kukalima.

Izi ndinazimva achimwene akufotokozera amayi pakhonde, ine ndikutsuka mbale. Mbale sinagwe. Ndinaitsuka, ndinaipukuta, ndinakalemba m'kope kuti, "Che Bwanali alibe mlandu. Mulungu ndikhululukireni."

Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba m'nyengo yozizira. Ine amene ndinkakhala woyamba kuyambira Sitandade 4, ndinakhala ndikuyang'ana pepala la Chingerezi, m'maso mwanga mukubwera mawu a kalata ija okhaokha. Mayina a osankhidwa kupita kusekondale atatuluka, langa panalibe.

Achimwene, amene kale ankamwa botolo limodzi pa ukwati, anayamba kachasu. Malipiro ankathera konko. Mankhwala a amayi analeka kubwera. Tsiku lina la msika, atamwa, anaima pakhonde la golosale n'kuyamba kuphunzitsa alimi za mtengo wa thonje mokweza mawu, ngati ali m'kalasi. Mawa lake anthu awiri anafika kusukulu kudzawatenga. Apa ndidutsa. Anabwerako patatha masabata asanu ndi awiri, atametedwa mpala, akutsokomola, nsapato zilibe zingwe, ntchito itatha. Anabwera kudzakhala nafe ku Utale, m'kachipinda kamene tinkasungiramo makasu.

Mundimvetse apa, chifukwa ndi pamene ndinali pansi penipeni. Ine sindinamwe mowa, sindinabe, sindinagone kunja. Aliyense ankati Rozina ndi mwana wabwino, taonani mmene akusamalira mlongo wake. Ndinkawatengera madzi osamba, ndinkawachapira, ndinkakawatenga kwa mayi wophika kachasu akalephera kuyenda. Ku kulapa ndinkanena za shuga amene ndinanyambita. Ndipo tsiku lililonse ndinkatsitsa kope langa n'kulemba zonse, mosabisa, ndi misozi. Ndikamaliza ndinkamva kupepukidwa pang'ono, ngati ndauza munthu. Kumeneko ndiye kunali kudzinyenga kwanga kwakukulu. Kope linkamva zonse, koma silinkatha kubwezera Che Bwanali dzina lawo. Kawiri konse ndinatenga kalatayo kupita nayo pamoto. Ndinalephera, chifukwa panali dzina la achimwene lotayipidwa bwinobwino, ndi mawu akuti asankhidwa. Ndinawonda mpaka amayi ananditengera kuchipatala, koma kumeneko sanapeze matenda.

Mvula yoyamba itagwa, anthu akudzala, Che Bwanali anatulukira. Anamva kuti mnzawo watuluka, ndipo anapalasa njinga masiku awiri kuchokera ku Chikweo, kathumba ka mpunga kali pakaliyala. Anafika dzuwa lili pamutu. Amayi anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, pamene achimwene anakhala pampando wawo akuyang'ana kumunda.

"Nduna ya Thonje," Che Bwanali anatero motsitsa mawu, "akumeta ndani chonchi? Ukanandiuza ndikanakubwereka kofia."

Achimwene sanatembenuke.

"Wabwera kudzaona ngati ntchito yako inatheka?"

"Ndabwera kudzaona ngati ukudya."

"Bwerera ukawauze kuti ndikudya."

Amayi anati, "Fabiano, mlendo sayankhidwa choncho pakhomo panga." Koma Che Bwanali anakweza dzanja kuti awaleke.

"Walahi, ndikulumbira, Fabiano, masamba aja sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndinanena kusukulu, ndikunenanso pano. Kupitirira apa ndilibe mawu ena."

Kenaka anandipempha madzi kuti asambe m'manja ndi kumapazi, chifukwa nthawi yoswali, pemphero lawo la Chisilamu, inali itakwana. Ndinatenga chikho ndi ndowa, tinapita kuseri kwa nyumba. Ndinkawathirira, iwo akusamba. Manja awo, amene ndinkawadziwa ali oyera ndi choko, anali atang'ambikang'ambika ndi khasu.

"Mwali," anatero osandiyang'ana, "ndamva kuti dzina lako silinatuluke. Iwe amene unkandigonjetsa masamu a Fomu 1? Chinavuta n'chiyani?"

Ndinangopitiriza kuwathirira madzi.

"Wawonda. Za akuluakuluzi usazisenze, si zako. Ubwereze chaka chino, udzakhoza." Anapukuta manja pamalaya, n'kupisa m'thumba la jekete. "Ndinakugulira ichi pa Ntaja. Ndinakumbuka kuti umakonda kulemba."

Linali kope latsopano, la masamba ambiri, lachikuto cholimba. Munthu amene ndinamulanda ntchito, amene ankalima ndi manja ong'ambikawo chifukwa cha ine, anaima pa sitolo n'kuganiza za ine. Ndinalilandira ndi manja awiri. Iwo anayala kansalu kawo n'kuyamba kuswali.

Ndinaima pamenepo, ndowa ili kumapazi, mpaka anawerama koyamba. Kenaka ndinalowa m'nyumba, ndinakwera pamtondo, ndinatsitsa thumba la pulasitiki lija. Kuchokera pakhomo kufika pamtengo wa mango ndi mapazi mwina makumi awiri, koma sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Ndinagwada patsogolo pa achimwene n'kuika kope pamiyendo pawo.

"Ichi n'chiyani? Kope lako sindiwerenga, unandiletsa wekha."

Ndinalitsegula pakati. Envulopu inatsetsereka n'kugwera pafumbi, buku lotsegula lija lili pamwamba.

Anaitola. Anatulutsa kalata, nawerenga mpaka pansi. Anabwereranso pamwamba, pamene panali tsiku, chala chawo chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anatenga kope n'kuyamba kuwerenga masamba anga limodzilimodzi: Lolemba, Lachisanu, mvula. Amayi ankafunsa kuti, "N'chiyani? Kalata ya ndani?"

"Rozina," anatero potsiriza. Sananditche chemwali. "Unaiwerenga?"

"Inde."

"Unamva zonse? Ndi za masiku makumi atatu zomwe?"

"Ndinamva."

"Ndiye Chingerezi ukuchitha."

Ndikanakonda akanandimenya. Anatembenukira kwa amayi n'kuwauza mwachidule kuti anasankhidwa, kalata inafika nthawi ya chimanga chachiwisi, ndipo inali kudenga kwa nyumba imene iwo anakhoma malata. Anawawerengeranso tsamba lija la Shire. Amayi anakhala pansi pafumbi, osati pamphasa.

"Mwana iwe," anatero, "ine ndinkangolankhula monga mayi. Usiku womwewo ndinayamba kumusokera thumba loikamo ufa wapaulendo. Bwanji sunandifunse?"

Che Bwanali anabwera kuchokera kuseri akupinda kansalu kawo. Achimwene anaimirira, n'kuwapatsa kalatayo. Iwo anawerenga, nayang'ana ine ndili chigwadire, kope lawo latsopano lili m'khwapa mwanga. Achimwene anangogwira chigongono cha mnzawoyo ndi manja onse awiri n'kuweramitsa mutu wometedwawo.

"Anakusankha," Che Bwanali anatero. "Waona? Ndinakuuza kuti masamba aja ndinatayipa bwino."

Pamenepo m'pamene achimwene analira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a bambo.

Musaganize kuti zinatha tsiku limenelo. Kubwerera kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo ndikuuzani mmene kunayendera, mwina wina kungamuthandize.

Choyamba chinali pakamwa. Masabata awiri achimwene sanandilankhule. Madzi ndikawaikira ankasamba, chakudya ankadya, koma maso ankadutsa pamwamba panga. Tsiku lina m'mawa, tikupalira, anaima n'kunena kuti, "Kope ndinaliwerenga. Tsopano ndikufuna ndimve ndi makutu." Ndinanena zonse, khasu lili m'manja, kuyambira pa mlambe. Pamene ndinafika pa mawu akuti ndinkachitira amayi, anati, "Iyayi. Nena za pansi patsamba zija." Ndinanena kuti ndinaopa kuti akapita sindidzapita kusekondale. Anapita m'kachipinda kawo, nabwera ndi pepala limene analemba chaka chathacho, Che Bwanali atasainira ngati mboni. Anali atakonza kale kuti pa ndalama ya chakudya imene bungwe likanawapatsa azidzapatula ya sukulu yanga ndi ya mankhwala a amayi, ndipo Che Bwanali ndiwo akanamatiyang'anira mpaka iwo atabwera. Chinthu chimene ndinkaopa chinali chitakonzedwa kalata isanabwere n'komwe. Ndikanangofunsa funso limodzi pa Khirisimasi paja, pamene ankandipatsa sitampa.

Chachiwiri chinali dzina la Che Bwanali. Achimwene anabwereka njinga n'kupita kusukulu kumene ankaphunzitsa, ngakhale anthu ankaopa kuwapatsa moni. Analowa m'chipinda chomwe chija, naima pamalo pomwe paja, n'kunena kuti ananamizira munthu wosalakwa. Dzina langa sanalitchule. Anangoti kalata inasokonekera kumudzi. Ine ndinalembera Che Bwanali ndi akazi awo kalata yopepesa, ndipo pa tchuthi ndinapita ndi amayi ku Chikweo kukanena pamaso. Akazi awo sanandiyankhe, ndipo sindiwaimba mlandu. Che Bwanali anangoti, "Zapita, mwali. Kope lija ulembemo masamu." Ntchito yawo sinabwerere. Mpaka lero akulima.

Chachitatu chinali mowa. Umenewo sunamvere kupepesa kwanga. Achimwene analeka sabata imodzi, n'kuyambiranso, n'kulekanso. Che Bwanali ndi amene anapeza njira. Anabwera kudzawatenga kuti akawathandize kupopera ndi kutola thonje. "Kwathu mudzi wonse ndi wa Asilamu," anatero. "Ukafuna kachasu uyenda mitunda isanu, ndipo ndi ulesi wakowo sungafike." Anakhalako miyezi inayi. Anabwerako atanenepa pang'ono, tsitsi litamera, ali ndi kope lodzaza ndi zimene alimi anawauza.

Ine ndinabwereza Sitandade 8, kukhala benchi limodzi ndi ana amene kale ndinkawathandiza masamu.

Chotsiriza chinali bungwe lija. Achimwene anandikhazika patebulo kuti ndilembe ndekha m'Chingerezi, kufotokoza kuti kalata yawo inafika koma mlongo wake wa wosankhidwayo anaibisa. Anandikonzera mawu olakwika okha. Pamodzi ndi kalata yangayo anatumiza mafomu atsopano: zithunzi, satifiketi, kalata ya dokotala, masamba asanu amene tsopano anali abwino kuposa oyamba. Chimodzi chokha chinasowa, kalata yochokera kuntchito, chifukwa ntchito analibe, ndipo panalibe ofesi imene ikanavomera kusainira munthu amene anatengedwapo.

Ndikumata envulopu ndinaona adiresi imene analemba pafomu. Inali ya sukulu yanga.

"Achimwene," ndinatero, "lembani ya kutchalitchi."

"Ndalemba imeneyo. Udzabweretsa ndiwe."

Inafika Lachisanu, nyengo yozizira itayamba, mayeso ali pafupi. A hedi anaitana dzina, ndinalandira. Yakhaki, buku lotsegula pakona. Ndinapempha chilolezo chotuluka, ndipo kanali koyamba kulankhula ndi a hedi popanda kufunsidwa. Ndinathamanga, ndinadutsa mlambe uja osauyang'ana. Achimwene ndinawapeza m'munda. Anapukuta manja pa kabudula, naitembenuza envulopuyo kuona kumbuyo. Inali yomata.

Anawerenga ataimirira. Sinali yaitali. Bungwe linathokoza chifukwa cha kufotokoza kwathu, linamva chisoni, koma malo a chaka chija anapatsidwa kwa wina, ndipo popanda kalata yakuntchito mafomu atsopanowa sakanatha kuwaona.

Anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya. Ndinkadikira kuti anene chilichonse chimene ndinayenera kumva.

"Yafika liti?"

"Lero. Pamzere wa m'mawa."

"Ndiye iyi yandipeza tsiku lake," anatero. "Bwerera kusukulu, chemwali, ungaphonye masamu."

Chaka chimenecho dzina langa linatuluka, n'chifukwa chake ndili pano. Achimwene sanapite kunja, ndipo sindikhulupirira kuti adzapita. Amalima thonje ku Utale, ndipo masana ena amaphunzitsa ana obwereza mayeso pakhonde pathu. Yunifolomu ndavalayi inachokera m'thonje limenelo. Nthawi zina ndege ikamadutsa amaleka kulima osadziwa kuti aleka, kenaka amapitiriza. Sananditonzepo ngakhale kamodzi. Anandikhululukira, koma zaka ziwiri zija sindingawabwezere, ndipo funso lawo la malaya a zigamba likadali m'kope, kudikira. Ndikavala yunifolomuyi m'mawa uliwonse ndimadziwa mtengo wake.

Ndimalembabe. Koma tsopano ndili ndi lamulo: chimene chikukhudza munthu wina sichigona m'kope kawiri ndisanamuuze mwini wake. Ndikachita mantha ndimafunsa, ngakhale mawu atuluke monjenjemera ngati mmene akutulukira panopa.

Sindikudziwa zimene zili pansi pa masutukesi anu. Mwina wina akusunga kalata, mwina mawu amene anatumidwa, mwina choonadi chimene chikanamasula mnzake amene akunenedwa zabodza. Mwina mukuti mudzanena Lolemba. Inenso ndinatero. Ife ofatsa anthu satikayikira, ndipo n'chifukwa chake tikhoza kuwononga zambiri osakweza mawu. Ngati ulipo, usabwere kudzandisungitsa, ndasiya kusunga zotero. Bwera undiuze kuti tipite kwa ndani, ndidzakuperekeza mpaka pakhomo. Thumba la makalata lichoka mawa m'mawa, ndipo masitampa ndili nawo awiri.

Ndathera pamenepa. Mundipempherere, muwapemphererenso achimwene anga ndi Che Bwanali.